Kodi lalanje ndi Chingerezi chopindika, kapena lili ndi kwawo kwina?

NaPhiri wa ku Mwanza analemba:

Moni nonse. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 kuno ku Mwanza, ndipo ndabwera ndi mkangano umene watikanika mu ofesi ya aphunzitsi.

Mnzanga wina wophunzitsa Chingerezi ku Sitandade 8 akuti lalanje ndi orange amene makolo athu analephera kumutchula, monga mmene school anasandukira sukulu, bread n'kukhala buledi. Kwa iye nkhani yathera pomwepo. Ine mtima ukukana. Orange tinamubwereka kale ndipo tonse tikumudziwa. Mwana ukamutuma ku golosale amakapempha Fanta wa olenji kapena Sobo wa olenji, ndipo telala ukamuuza kuti ukufuna nsalu ya olenji safunsa kawiri. Olenji ameneyo ndiye Chingerezi chopindika, palibe angatsutse. Nanga lalanje? Mukati r anasanduka l ndivomera, koma ma l alipo awiri. Woyambayo tinamutola kuti?

Funso lachiwiri ndi la ana a m'kalasi mwanga. Tikuphunzira mayina a mitundu m'Chingerezi, kamtsikana kena kanakweza mkono n'kufunsa kuti, madamu, chinayamba n'chiyani, chipatso kapena mtundu? Ndisanayankhe, kamnyamata ka kumbuyo kanaponyamo kuti malalanje a kwawo amapsa ali obiriwira, ndiye bwanji azungu sanawatche green. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ndawalonjeza yankho Lolemba, odziwa ndithandizeni.

Madala a ku Zomba anayankha:

Mayi aphunzitsi, musagonje. Mnzanuyo walasa pafupi koma waphonya. Mawu awiriwa ndi apachibale ndithu, n'chifukwa chake kumapetoko amamveka mofanana, koma wina sanabale mnzake. Ndi zidzukulu za gogo mmodzi, ndipo gogoyo kwawo ndi ku India.

Ndinaphunzitsa Chifalansa ndi Chilatini ku sekondale mpaka kupuma pantchito, ndiye mundilole ndiyambire kutali, ukalamba ndi womwewu.

Mu Sanskrit, chiyankhulo chakale cha mabuku a ku India, mtengo wa chipatsochi unkatchedwa naranga. Akatswiri ambiri amati nawonso a Sanskrit anachita kubwereka kwa anthu a kummwera kwa India, a ziyankhulo za gulu la Tamil ndi Malayalam. Kuchoka apo mawuwa anatsatira katundu wa amalonda kulowera kumadzulo. Aperisi anati narang. Aarabu, amene chiyankhulo chawo cha m'mabuku chilibe g wa mu galu, anati naranj. Aarabuwo ndi amene anafikitsa mtengowu ku Spain ndi ku Sicily, ndipo m'zaka za m'ma 900 ndi 1000 unali ukulimidwa kumeneko. Komatu silinali lalanje lotsekemera limene mumagula pamsika pa Mwanza. Linali lowawasa, la mtundu umene mpaka lero uli mbwee m'misewu ya Seville, umene Angerezi amaphikira jamu wawo wa marmalade.

Mwaona kuti mpaka pano mawu onse akuyamba ndi n. Asipanishi anamusunga, lero lomwe amati naranja. Anayamba kusowa ku Italy ndi ku France, ndipo kasowedwe kake n'kosangalatsa. Mtaliyana akafuna kunena lalanje limodzi ankati una narancia. Tchulani mofulumira mumve: ma n awiri aja amagundana, ndipo khutu silidziwanso kuti una wathera pati, dzina layambira pati. M'kupita kwa nthawi anthu anayesa kuti n yense ndi wa kaliwu ka kutsogoloko, chipatso n'kutsala arancia. Kwa Afalansa akale chinafika n atathothoka, ankati orenge, kapenanso pomme d'orenge, ngati kunena kuti apulo wa orenge. O woyambayo akatswiri amamuloza mbali ziwiri. Kummwera kwa France kuli tauni yotchedwa Orange, ndipo m'Chifalansa golide ndi or. Anthu akamva dzina lachilendo amalikokera ku zimene akuzidziwa kale, ndipo chipatso chowala ngati golide sichinavute kukokera kumeneko.

Angerezi anatola mawuwa kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1300. Imeneyo inali nthawi imene Chifalansa chinali chitakhuthukira m'Chingerezi, kuchokera pamene William wa ku Normandy analanda England mu 1066, moti nyumba ya mfumu ndi makhoti zinkayendera Chifalansa. Pali nthano imene imayenda pa intaneti yoti Angerezi poyamba ankati a norange kenaka n'kusintha kukhala an orange. Imeneyo musawaphunzitse ana. N anali atatayika kale mawuwa asanawoloke nyanja. Koma nthanoyo ili ndi pogwira, chifukwa Angerezi anachitadi zomwezi ndi mawu ena. Epuloni imene amavala ophika inali a napron, m'bale wake wa napkin, lero ndi an apron. Njoka ija ya adder inali naddre. Zinachitikanso chobwerera m'mbuyo: nickname poyamba inali an ekename, kutanthauza dzina lowonjezera, n wa kaliwu kaja n'kudumphira ku dzina. Ana a Sitandade 5 zimenezi amazikonda, makamaka pamene mukuvutika nawo pa a ndi an.

Tsopano l wanu uja. Apwitikizi nawo analandira naranj wa Aarabu, koma lilime lawo linakana ma n awiri m'liwu limodzi, woyambayo n'kusanduka l: laranja. Litchuleni mokweza, Mayi, kenaka mutchule lalanje. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi, timangosiyanitsa polemba, ndiye la-ra kukhala la-la sipanafunike ntchito. Ndipo Apwitikiziwo sanali kutali. M'zaka za m'ma 1530 anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi, akugula minyanga ya njovu kwa Amaravi. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda ulendo kuchoka ku Tete, kudutsa m'dziko la Amaravi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anadzafika m'chigwa cha Shire mu 1859, patadutsa zaka zoposa 300 makolo athu akutsatsana malonda ndi anthu onena laranja. Inu a ku Mwanza ndiye mukhala pakhomo penipeni pa njira ya ku Tete.

Kamtsikana kaja mukakauze kuti chipatso ndicho chinayamba. Orange monga dzina la mtundu akuoneka m'zolembedwa za Chingerezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, chipatso chitatchedwa kale dzinalo kwa mibadwo ingapo. Zisanatero, zambiri za mtundu umenewu Angerezi ankangoziponya ku red. N'chifukwa chake mzungu wa tsitsi la olenji amati ali ndi red hair, nkhandwe yawo ndi red fox, ndipo kambalame ka robin amakatcha redbreast pamene chifuwa chake aliyense akuona kuti n'cha olenji. Mayina amenewo anamera mawu a mtunduwo asanafike, ndipo anakakamira. Ifenso timachita zofanana, "chofiira" chathu chimanyamula zambiri, kuyambira magazi mpaka dothi la katondo ndi bango lakupsa.

Za kamnyamata kaja ndisiyira a zaulimi.

Mwana wa ku Angónia anayankha:

Madala anena zoona. Ine ndinakulira ku Ulónguè, kunyumba Chichewa, kusukulu Chipwitikizi, ndipo tsiku limene aphunzitsi analemba laranja pabolodi palibe mwana anafunsa tanthauzo. Kunali mawu ambiri otere amene tinkawazindikira tokha. Sapato ndi nsapato, carta ndi kalata, batata ndi mbatata, chapéu ndi chipewa, capitão ndi kapitawo wa pa esiteti. Ngakhale fodya amamulumikiza ku folha, tsamba. Abale athu a ku Malawi ambiri sadziwa kuti akavala nsapato ndi chipewa kupita kukaponya kalata ayankhula Chipwitikizi katatu.

Pa funso la mtundu, Chipwitikizi sichibisa ngati Chingerezi. Timati cor de laranja, mtundu wa lalanje, ndiye mwana aliyense amadziwiratu chimene chinayamba.

Koma achemwali a ku Mwanza, ndikubwezereni funso. Chimene chinatchukitsa boma lanu si malalanje, ndi manachesi, ndipo tikawoloka pa Zóbuè ndi amene amatilandira m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Ife kusukulu chipatso chimenecho timati tangerina, dzina lochokera ku doko la Tangier ku Morocco. Ndiye nachesi si wathu. Munamutenga kuti?

Mlangizi wa ku Neno anayankha:

Ndingoyankha za kamnyamata. Sikananame. Khungu la lalanje limakhala lobiriwira chifukwa cha chlorophyll, yemwe uja wa m'masamba. Kuti kubiriwirako kuchoke pamafunika usiku wozizira. Kumalo otentha chipatso chimakhwima ndi kutsekemera m'kati khungu likadali lobiriwira, kapena limangochita mawanga achikasu. Malalanje a m'masitolo akuluakulu owala mofanana onse aja, ena amachita kuwaika m'chipinda cha mpweya wa ethylene kuti khungu lisinthe. Kukoma sikusintha. Ku Spain ndi ku Italy nyengo yokolola imakhala yozizira, ndiye azungu ankaliona lili olenji weniweni.

Achimwene a ku Bloemfontein anayankha:

Nachesi ndimuyankha ine. Kuno ku South Africa palibe amene amati tangerine, mzungu ndi wakuda yemwe amati naartjie, ambiri naartjies. Amatchula ngati "nachi", "nachis". Ndiye -si wa kumapeto kwa nachesi ndi s wa zochuluka uja, tinameza zonse pamodzi n'kuwonjezanso ma- wathu kutsogolo. Ine ndimakhulupirira kuti anabwera ndi azigogo athu a pa Theba, amene ankabwerera kuchokera ku migodi ndi masutukesi, mawailesi ndi mawu achilendo.

Koma madala a ku Zomba, pali chimene chikundisokoneza. Dera limene ndikukhalali kale linkatchedwa Orange Free State, ndipo kummwera kwathu kuno kukudutsa Orange River. Mnzanga wina wa kuntchito amati mtsinjewo unatchedwa choncho chifukwa madzi ake amafiira ndi dothi mvula ikagwa. Wina amati ndi minda ya malalanje. Ine ndauwoloka mtsinjewu pa basi yopita ku Cape Town, madzi ake ndi a matope wamba ngati Shire wa mu February. Ndiye ndi chipatso kapena mtundu?

Madala a ku Zomba anayankhanso:

Achimwene, si chipatso, si mtundu. Anzanu onse awiri agwa.

Mukukumbukira tauni ya Orange ndinaitchula ija? Ili kummwera kwa France, kufupi ndi Avignon, ndipo dzina lake lilibe ubale uliwonse ndi naranga. Aroma ankaitcha Arausio, dzina la mulungu wa madzi wa anthu a Chikelti amene anawapeza kumeneko. Pafupi ndi pomwepo asilikali a Roma anagonjetsedwa koopsa mu 105 BC, ndipo bwalo la zisudzo limene Aroma anamanga m'tauniyo lilipobe. Arausio anapukutika pang'onopang'ono m'kamwa mwa anthu mpaka kukhala Orange, n'kukumana ndi dzina la chipatso mwangozi chabe.

Tauniyo inali kadziko kodzilamulira kokhala ndi kalonga wake. Mu 1544 ukalongawo unagwera mnyamata wa zaka 11, William wa banja la Nassau, amene anadzatsogolera Adatchi poukira ulamuliro wa Spain. Kuyambira pamenepo banja lotsogolera Netherlands ndi la Orange-Nassau, mpaka mfumu ya lero. Popeza dzina linali litafanana kale ndi la chipatso ndi mtundu wake, banjalo linatenga mtundu wa olenji kukhala chizindikiro chake. Mukaona timu ya mpira ya Netherlands itavala olenji pamene mbendera yawo ndi yofiira, yoyera ndi yabuluu, gwero lake ndi limeneli.

Mtsinje wanuwo unali ndi mayina kale. Akhoikhoi ankati Gariep, ndipo ku Lesotho kumene umayambira amati Senqu. Mu 1779 Robert Jacob Gordon, msilikali wa kampani ya Adatchi ya Dutch East India Company ku Cape, anautcha Orange polemekeza William V wa banja lija. Dziko la Mabunu limene linakhazikitsidwa mu 1854 linatengera dzina ku mtsinjewo. Choncho mukukhala m'dera limene linatchedwa dzina la mulungu wa madzi wa ku France, lalanje silikukhudzidwa.

Pa naartjie mwandikumbutsa chinthu chokoma. Madikishonale amati Mabunu anawatenga mawuwa ku Tamil, ku narattai, chipatso china cha gulu lomweli la malalanje ndi mandimu. Sizodabwitsa, pakuti kuyambira 1652 Cape inali popumira zombo za kampani ija zochokera ku India ndi ku Indonesia, ndipo zinkabweretsa katundu ndi akapolo a kumeneko. Ndiye onani, n uja anatayika ku Italy, amene Apwitikizi anamusandutsa l, mu nachesi ali phee pamalo pake. Anadzera njira ya panyanja, osadutsa m'kamwa mwa Aperisi, Aarabu kapena Afalansa.

Za Theba ndikuvomerezani theka. Musaiwale kuti amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Cape anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, oyankhula chiyankhulo chomwecho cha Mabunu, ndipo amishoni kulikonse ankakonda kudzala zipatso kuseri kwa nyumba. Makomo anali awiri, ndipo ine ndimatsamira ku la amishoni.

Mlongo wanu wa ku Chipata anayankha:

Madala, Orange wa banja lachifumuyo anafika mpaka kwathu kuno. Mpingo wa Reformed Church in Zambia unayambira pa Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo amishoni ake sanachokere ku Cape ngati a ku Nkhoma, anatumidwa ndi mpingo wa ku Orange Free State. Agogo anga ankaimba kwaya mumpingo umenewo ndipo moyo wawo wonse ankayesa kuti azungu aja anachokera ku dziko la malalanje. Olenji wa pa mbendera yathu ya Zambia ndiye alibe nawo gawo Adatchi, amaimira chuma cha m'migodi, makamaka mkuwa.

Che Mjomba wa ku Mangochi anayankha:

Ndiwonjezepo mbali ya Aarabu, pakuti ndinaphunzirako ku Cairo. Mukapita pamsika kumeneko n'kupempha naranj, akupatsani lowawasa lija madala anena, la jamu. Lotsekemera amati burtuqal. Mvetserani bwino, ndi Portugal ameneyo. Lalanje lotsekemera kwawo ndi ku China ndi madera oyandikana nako, ndipo linafika ku Ulaya mochedwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ndi m'ma 1500, Apwitikizi atatsegula njira ya panyanja ndi kuyamba kulifalitsa. Ndiye Aarabu amene anapatsa Apwitikizi dzina la lowawasa anadzatcha lotsekemera dzina la Apwitikiziwo. Si iwo okha. Ku Turkey ndi portakal, ku Greece portokali, ku Ethiopia birtukan. A kumpoto kwa Ulaya anayang'ana kumene linachokera, Adatchi amati sinaasappel, Ajeremani ena Apfelsine, apulo wa ku China, ndipo a sayansi amalitcha Citrus sinensis. Adatchi omwe aja a olenji pa mpira, chipatsocho sachitcha oranje.

Kuno kunyanja tinayenda kwambiri ndi Aswahili, ndipo ndimu wathu ndi yemweyo wa Chiswahili. Koma chungwa wawo sanalowe m'Chichewa. Pa lalanje njira ya Zambezi inapambana ya ku Kilwa.

Wa Sitandade 8 anayankha:

Ndine amene ndikudyedwa miseche pano. Madamu anditumizira ulusi wonsewu pa WhatsApp ndi tizithunzi toseka. Bambo a ku Zomba, la-la ndamumva, koma ndisanapereke Fanta amene tinabetcherana ndili ndi kafunso. Apwitikizi amati laranja, kuthera ndi a. Ife timati lalanje, kuthera ndi e. Chichewa sichivutika ndi a kumapeto, tili ndi nyanja, banja, dzanja. Bwenzi tikuti lalanja. E ameneyu si wa orange?

Madala a ku Zomba anayankha:

Aphunzitsi, funso lanu ndi la munthu woganiza, koma Fanta mugula. E wa orange ndi wapapepala pokha, Mngerezi samutchula, ndipo makolo athu ankabwereka ndi khutu osati ndi maso. Pamene tinabwerekadi ku Chingerezi tinatseka ndi i, olenji, monga buledi, ngakhale mawu ena monga sitampa ndi sukulu anapatuka. Komanso liwu lomaliza ndilo limaterereka kwambiri mawu akamawoloka malire. Chapéu anathera ku chipewa. Mowa uja Apwitikizi amati cachaça, kuthera ndi a yemweyo, ife tinati kachasu, ndipo palibe anaganizapo kuti u ameneyo tinamubwereka kwa Angerezi.